Ndemanga ya Apongozi Anga

Katoni ya mabuku anga inafika Lachiwiri masana pa minibasi yochokera ku Mzuzu. Kondakitala anangoiponya m'mphepete mwa msewu pa Phwezi ngati thumba la feteleza, ine n'kumuuza mawu angapo amene mphunzitsi sayenera kulankhula pagulu. Zaka zisanu ndikulemba buku limenelo, munthu angoligwetsera m'fumbi! Ndinaikweza pa kabaza, ineyo n'kumatsatira pambuyo wapansi, maso ali pa katoni mpaka kunyumba.

Ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndinajambula chithunzi n'kuika pa tsamba langa la pa Fesibuku: “Abale, buku langa Bwalo Lapakati lafika ku Henga.” Angela, mkonzi wa pa kampani yaing'ono ya ku Lilongwe imene inasindikiza bukulo, anali atandilangiza kuti wolemba wa masiku ano sakhala chete. Tsiku lililonse muzinena kanthu, anatero, ngakhale kungojambula buku lili pambali pa kapu ya tiyi. Ine ndinamvera mopitirira muyeso. Ndinalijambula pa tiyi, pampando, pansi pa mtengo wa mango, mpaka aphunzitsi anzanga anayamba kundifunsa m'mawa kuti buku ladzuka bwanji.

Dzina langa ndine Lettie, kwathu ndi ku Ntchisi, koma kuno amanditcha NyaMbewe. Ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale yoyendera. M'chigwa cha Henga muno ndinabwera ndi ukwati zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Mwamuna wanga Overton anatisiya, papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, Ungweru, ali ku sukulu ya unamwino. Pakhomo tinatsala awiri, ine m'nyumba yakumtunda, apongozi anga aamuna m'nyumba yakumunsi, pakati pathu bwalo losesedwa bwino. Iwo ndi a Hezron Harawa, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mkulu wa mpingo, a zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi. Dzina lawolo ndalilemba pano, koma pakamwa panga silinatulukepo. Ndipo zaka zonsezi iwo ndi ine tinali tisanalankhulanepo ngakhale liwu limodzi.

Musaganize kuti tinayambana. Kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, salankhula ndi apongozi ake aamuna. Akakumana nawo panjira amapatuka, chakudya amaika pakhonde n'kubwerera. Koma si zamuyaya ayi. M'banja la a Harawa, mwana woyamba akabadwa, apongozi amatumiza nkhuku kudzera mwa mayi wa pakhomopo, mkamwana n'kuilandira ndi manja awiri, basi pakamwa patseguka. Kwa ife zinakanika pa zifukwa zopanda mutu. Apongozi anga aakazi, a Lois, anali atasankha kale nkhukuyo, koma anamwalira mwadzidzidzi Ungweru ali ndi milungu itatu. Maliro atatha Overton anandifunsapo kamodzi za nkhaniyi, ine ndili ndi khanda lolira m'manja, mutu uli balala. Chimene ndinayankha sindinachisunge. Nkhuku sinabwere. Chaka chinatha, zaka zinatha, ndipo ndinagamula ndekha mumtima kuti mkulu uja sanandiwerengere: Mchewa, wobereka mwana mmodzi wamkazi, Chitumbuka chake chothyokathyoka. Zinkandiwawa, sindibisa.

Overton ali moyo ndiye anali mthenga wathu. Atapita anakhala Ungweru. Ungweru atachoka, udindo unagwera galu wathu Tayiga. Mkulu uja ankatuluka pakhonde, kutsokomola kaye, n'kunena mokweza m'Chichewa chawo chaukhondo chimene anachitola akuphunzitsa ku Kasungu:

“Iwe Tayiga, kauze anthu a m'nyumba yakumtunda kuti mvula ili pafupi, zovala zili pachingwe.”

Ine ndili kukhitchini ndinkayankha kuti, “Tayiga, kanene kuti anthu amva. Yewo.”

Galuyo ankangogona pakati pa bwalo, ntchentche zikumuzungulira, osadziwa kuti pakhomo ponse pakuyenda chifukwa cha iye.

Buku langalo ndi nkhani yopeka ya mkazi wamasiye wokhala pakhomo limodzi ndi apongozi ake osalankhulana. Ndinasintha mayina, nkhaniyo ndinaisamutsira ku Bolero, nkhalambayo n'kuisandutsa mlimi wa fodya. Ndinkati ndabisa, ngati mwana wobisala kuseri kwa katani mapazi ali poyera.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo ndinaika buku limodzi pa thireyi pamodzi ndi tiyi ndi mbatata, n'kukasiya pakhonde pawo. Thireyi inabwerera, kapu ili mbee, buku linatsala komweko. Ndinadikira. Lachitatu Tayiga anatumidwa za mbuzi za aneba zolowa m'dimba. Lachinayi anatumidwa kuti mabatire a wayilesi akutha. Za buku, zii.

Loweruka ndinali kuchigayo pamene foni inalira. Angela anali atanditumizira chithunzi cha nyuzipepala ya tsiku limenelo, ndi mawu akuti, “Ndemanga yoyamba yatuluka! Ikani pa tsamba msangamsanga.” Wolemba ndemangayo anali mkulu wina wa ku Blantyre dzina lake Raphael. Ndinawerenga ndime ziwiri zoyamba pa galasi losweka la foni yanga, chigayo chikulira m'makutu, ufa uli m'nsidze. Akuti Chichewa changa n'chokoma. Akuti kwa zaka zambiri sanawerengepo buku lotere. Ndinangomva kutentha m'masaya. Pomwepo ndinaiika pa Fesibuku, ndi pa gulu la banja la pa Watsapu pomwe, n'kuwonjezera timitima titatu tofiira. Mayi wamkulu ngati ine, timitima titatu!

Ndime yachitatu ndinaiwerenga nditafika kunyumba, anthu oposa zana atayamikira kale. Inali yotere:

“Nkhalamba ya m'bukuli ndi munthu wouma mtima, amene watsekera mkazi wamasiye m'ndende yopanda makoma. Zikuonekeratu kuti wolembayu analawa yekha nkhanza zoterezi, ndipo tiyenera kumuthokoza chifukwa cholimba mtima kuziulula.”

Ndinakhala pansi pa thumba la ufa. Ndisanaganize n'komwe zofufuta, foni inaliranso. Anali mlamu wanga Isabella, mchemwali wake wa Overton, namwino wamkulu ku Mzuzu. Ndi munthu wabwino, koma akakwiya amalankhula ngati akukuwerengera zotsatira za magazi.

“Mlamu, mwatichita zotani?”

“Alamu, si mmene ndinalembera ine. Bukulo mukaliwerenga…”

“Yayi, musandiuze za kuwerenga. Mwaika nokha, ndi timitima pamwamba. Anthu a ku tchalitchi kwathu akundiimbira kufunsa ngati adada amakumenyani. Adada! Munthu amene amapepesa ndi mbuzi yomwe akaiponda.”

“Ndalakwa, alamu. Sindinawerenge mpaka kumapeto.”

“Mphunzitsi wosawerenga mpaka kumapeto. Chabwino. Loweruka likubwerali ndibwera ndi galimoto kudzawatenga, azikhala kuno kwa ine. Inu mutsale ndi bwalo lanulo, mulembe buku lina.”

Anadula foni. Ndinafufuta ndemanga ija paliponse pamene ndinaiika, koma zinali zitafalikira kale.

Kutsala ndekha sikunandiopse kwenikweni. Chimene chinandiwawa n'chakuti munthu wa zaka zimenezo akapita kutauni sabwereranso, ndipo adzapita akukhulupirira kuti mkamwana amene wadya naye munda umodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri wamutcha wankhanza pamaso pa dziko lonse. Ndinali ndi sabata imodzi yoti ndiwauze kuti si zoona, koma pakamwa polankhulira nawo ndinalibe.

Ndinapemphera kuti nyuzipepalayo isawafike. Pemphero lopusa, chifukwa Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi mkulu wa mpingo mnzawo, a Laws, amawapatsa nyuzipepala ya dzulo lake. Masana ndinaiona ili patebulo la pakhonde, yotsegulidwa pa tsamba lomwelo, magalasi awo ali pamwamba. Kuyambira ola limenelo Tayiga anachotsedwa ntchito. Lolemba kunagwa kamvula zovala zili pachingwe, koma palibe anatsokomola. Lachiwiri mbuzi zinalowanso m'dimba, mkulu uja anakazithamangitsa yekha ndi ndodo, osanena kanthu.

Ndinayesa. Lachiwiri madzulo ndinaima pakhomo la khitchini, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba kuti, “Tayiga, kanene kuti…” Galu anadzutsa khutu limodzi. Kanene kuti chiyani? Galu ungamutume za shuga, za mvula, za mbuzi. Zinazi sizikwana m'kamwa mwake. Ndinamaliza kuti, “kanene kuti madzi osamba atentha,” n'kulowa m'nyumba ndikudzitukwana.

Kalata ndinayamba zitatu, zonse ndinang'amba. Kulembera apongozi kalata n'kulankhula nawo ndithu. Munthu wawachititsa manyazi m'nyuzipepala, kenako uwaphwanyirenso mwambo pakhonde pawo? Angati mkaziyu watopa nafe, akufuna kutionetsa.

Nzeru inandibwerera Lachinayi, ndili mu minibasi yopita ku boma. Angela anali atakonza kale kuti ndikalankhule za bukulo pa wayilesi ya m'dera lathu, pa pulogalamu ya masana. Pulogalamu imeneyo mkulu uja saiphonya. Ikakwana thuu koloko amakokera mpando pamthunzi, wayilesi pamwendo, ngakhale alendo amadikira. Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja pakati pa anthu. Polankhula pa wayilesi sindikhala ndikulankhula ndi iwo, ndikhala ndikulankhula ndi boma lonse la Rumphi. Akamva, amva okha.

Woulutsa mawu anali bambo wina wonenepa dzina lake Jerome, wa mawu okoma, amene bukulo anali atangoona chikuto chake. Anandipatsa moni wautali, anatchula mutu wa buku molakwika kawiri, kenako anasolola nyuzipepala ija.

“Mama NyaMbewe, ndemanga iyi yagwedeza anthu chomene. Akuti mwaulula nkhanza za miyambo yathu. Tiuzeni, mwavutika bwanji?”

Ndinapuma kaye, chifukwa mawu oyamba amene anabwera sanali oyenera wayilesi.

“Bambo Jerome, amene analemba ndemangayo ndikuwathokoza, koma nkhalamba ya m'buku langa sanaimvetse. Pa mutu wakhumi, mwamuna wa mayi uja atangoikidwa m'manda, abale ena akubwera kudzatenga njinga yamoto, makina osokera, ndi malata omwe anali asanakhomedwe. Nkhalambayo ikutenga mpando, kuuika pakhomo la mkamwana wake, n'kukhalapo masiku atatu ndi buku la nyimbo m'manja. Sikunena kanthu kwa aliyense. Palibe amene akulimba mtima kuidumpha. Abale aja akubwerera chimanjamanja.”

“Eya, koma osalankhulana…”

“Dikirani ndimalize, bambo. Mayi uja anathyokapo dzanja. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amapeza nkhuni pakhomo pake, zowazidwa zing'onozing'ono kuti azinyamula ndi dzanja limodzi. Dzanja linapola kalekale, nkhuni sizinasiye kubwera. Akachedwa kuntchito amapeza nkhalambayo ili chilili pamphambano, ikunamizira kuyang'ana mbuzi. Ngati zimenezo ndi nkhanza, ndikupempha Mulungu kuti mkazi aliyense wamasiye akumane nazo. Mayi uja chimamupweteka n'chimodzi chokha, kuti zaka zonsezi sanathe kunena zikomo.”

Jerome anayang'ana pepala lake, anaona kuti mafunso ake onse afa, n'kuika nyimbo. Nditatuluka, mayi wina wosesa pakhonde anandigwira mkono n'kunena kuti, “Mwayowoya makora, mama,” kutanthauza kuti ndalankhula bwino. Ndinakwera minibasi mtima uli m'malo koyamba sabata imeneyo. Ndinagula ndi nthochi zomwe pa siteji, n'kugawira amene ndinakhala nawo mpando umodzi.

Ndinafika pakhomo dzuwa litapendeka. Mpando unali pamthunzi ndithu, koma wopanda munthu. Wayilesi inali pakhonde, chitseko chake chakumbuyo chili chotsegula. Pamwala wa pabwalo, pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, panali mabatire anayi atandandalikidwa bwinobwino kuti mwina angatoleko kamphamvu.

Ndinaima pomwepo ndi chikwama m'manja. Sabata yathunthu yapitayo Tayiga anatumidwa kuti mabatire akutha. Kugula mabatire ndi ntchito yanga kuyambira kale. Ine ndinali kalikiliki kujambula buku pansi pa mango. Tsiku limenelo ndinadutsa masitolo onse a pa boma, mpaka kugula nthochi zogawira anthu osawadziwa. Boma lonse la Rumphi linandimva, asodzi a ku Chiweta anandimva, kupatula munthu mmodzi amene ndinapitira. Ndikanakhala mwana wanga ndikanadzikoka khutu.

Lachisanu ndinagula mabatire pa Phwezi n'kuwaika pa thireyi ya madzulo. Analandiridwa, wayilesi inalira, koma pulogalamu ija sabwereza. Nditaweruka kusukulu ndinachapa malaya awo onse, oyera asanu ndi abuluu awiri, n'kuwasita mosamala makolala monga amakondera. Munthu sangapite ku Mzuzu ndi zovala zamakwinya anthu n'kumati mkamwana wake analidi wotopa naye. Ndinawapinda n'kukaika pakhonde. Podutsa pawindo ndinawaona ali patebulo, msana uli kwa ine, akulemba kanthu ndi cholembera chawo chofiira chija chimene ana a sukulu a m'chigwa chino akuchikumbukirabe.

Isabella anafika Loweruka cha m'ma naini, atavala suti yachikasu ndi nsapato zazitali. Anandipatsa moni wa pamwamba pa mano n'kulowa m'nyumba yakumunsi. Ine ndinakhala kukhitchini, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndikusenda chinangwa chimene sindinkafuna n'kuphika komwe. Ndinamva madilowa akutsegulidwa. Patapita nthawi Isabella anatuluka akukoka sutikesi yakuda n'kukaiika pafupi ndi galimoto.

Kenako anatuluka eni ake. Anali atavala jekete la ku tchalitchi ndi tayi, amodzi mwa malaya oyera aja ali mkati. M'dzanja anali ndi buku langa, timapepala tambiri titasuzumira m'masamba mwake, ndi kabuku kena kakale kachikuto chobiriwira. Anaima pakhonde n'kutsokomola. Tayiga anadzuka msangamsanga, kuganiza kuti ntchito yabwerera.

“Isabella,” anatero, “gwira nkhuku yathadzi ija yamawanga.”

“Adada, nkhuku ku Mzuzu ziliko. Idzangoipitsa m'galimoto.”

“Ndati gwira.”

Sindinaonepo chinthu chotere. Namwino wamkulu, amene madokotala amamuopa, anavula nsapato zazitali n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Inazungulira nkhokwe kawiri, inalowa pansi pa galimoto, inatulukira uko. Tayiga analowererapo mosapemphedwa n'kusokoneza zonse. Mtima wanga unali wolemera ngati mwala, komabe ndinaseka m'chitenje. Pamapeto pake Isabella anaipanikiza pampanda n'kubwera nayo, wigi itakhota, akupuma wefuwefu.

“Nayi. Ndimange miyendo?”

“Yayi. Amayi ako kulibe. Mayi wa pakhomo pano lero ndiwe. Kapereke kwa NyaMbewe.”

Isabella anayang'ana bambo ake, anayang'ana nkhuku, kenako anayang'ana ku khitchini. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anakonza wigi ndi dzanja limodzi, anadutsa bwalo lonse wopanda nsapato, n'kugwada pakhomo la khitchini ndi suti yake yachikasu ija, pafumbi.

“Mlamu,” anatero motsitsa mawu, “adada akuti landirani.”

Mpeni unagwa m'manja mwanga. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinagwada, n'kuilandira ndi manja awiri. Inali yofunda, kamtima kake kakugunda mofulumira m'zikhato zanga.

“Monire, NyaMbewe.”

Mawu amenewo ndinkawadziwa bwino. Ndinali nditawamva akupemphera, akuimba, akukalipira mbuzi. Koma anali asanalunjikepo kwa ine. Ndinatsegula pakamwa.

“Yewo, adada.”

“Bwerani mukhale apa. Isabella, mpando.”

Ndinakhala pakhonde limene zaka zonsezi ndinkangofikapo kudzasiya thireyi, nkhuku ili pamiyendo. Iwo anavala magalasi n'kutsegula buku langa. M'mphepete mwa masamba munali mofiira.

“Ndaliwerenga kawiri,” anatero. “Wa m'nyuzipepala uja analiwerenga theka. Akanakhala wa m'kalasi mwanga akanabwereza chaka. Za iyeyo tisataye nthawi. Buku ndi labwino chomene. Fodya simumudziwa, masamba sathyola mwezi umene mwalembawo, koma zimenezo n'zazing'ono. Cholakwa chachikulu chili pa tsamba 87.”

Anapeza tsambalo n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, pamene mayi wa m'bukumo akunena mumtima kuti nkhalamba sinatumize nkhuku chifukwa sinamuwerengere, mlendo wobereka mwana mmodzi wamkazi. Atamaliza anavula magalasi.

“Izi ndi zopeka, kapena mumaganizadi choncho?”

Ndinayang'ana pansi. “Ndinkaganiza choncho, adada.”

“Zaka zingati?”

“Zonse.”

Kenako anatenga kabuku kobiriwira kaja. Inali dayale ya chaka chimene Ungweru anabadwa. Anatsegula pamene panali kapepala n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha. Zilembo zawo zopendekera zinali zitafuwa, koma zinkawerengeka. Analemba kuti atuma Overton kukafunsa mkamwana za nkhuku, ndipo yankho labwera lakuti: auzeni adikire kaye, ndidzanena ndekha ndikakonzeka.

Nditangowerenga ndinakumbukira zonse, ndi malo omwe ndinaima. Anali mawu anga ndithu. Ndinkaopa kuti ndikayamba kulankhula nawo adzamva Chitumbuka changa n'kuseka. Ndinkatanthauza mwezi umodzi, iwiri.

“Ndinadikira,” anatero. “Mwana wa eni ake, wochokera kutali, sumukakamiza kulankhula nawe. Ndinkati mwina kwanu zimenezi n'zolemetsa, mwina mukupeza mtendere chonchi. Overton ndinamufunsanso kawiri, iye n'kumaseka kuti adada musadandaule, pa Khirisimasi. Mumamudziwa mwamuna wanu. Nkhuku imene anasankha a Lois inakalamba n'kufa yokha. Iyo muli nayoyo ndi mdzukulu wa adzukulu ake. Mtundu umenewo sindinalole kuti uthe pakhomo pano.”

Misozi inagwera pa nthenga zamawanga. Isabella anali chilili pafupi ndi mzati, dzanja lili pakamwa.

“Uthenga wanu unafika sabata yatha pa thireyi,” anapitiriza. “Wautali, masamba mazana awiri ndi khumi, koma unafika. Nditafika pa tsamba 87 manyazi anandigwira. Munthu kuvutika mtima zaka makumi awiri ndi ziwiri, mtunda wa mapazi makumi atatu kuchokera pakhonde panga, ine n'kumadziona ngati waulemu. Zimenezo sungatume galu. Ndipo nkhuku siperekedwa ndi mwamuna. Isabella atandiimbira kuti akubwera kudzanditenga ndinati bwera, mwana wanga, bwera msanga.”

“Ndiye munandiyendetsa ulendo wonsewu kudzagwira nkhuku?” anafunsa Isabella, mawu ali m'mphuno.

“Enya. Wagwira bwino. Sutikesiyo bweza m'nyumba, malaya angachite makwinya. Anthu anavutika kusita.”

Isabella anapukusa mutu. Podutsa anandifinya phewa mwamphamvu, n'kunena kuti bukulo ndimusungire limodzi, aliwerenga mpaka kumapeto. Anakoka sutikesi kubwerera nayo, kenako anapita kukhitchini kwanga kukateleka tiyi, akung'ung'udza za masokosi ake ong'ambika.

Tinatsala awiri pakhonde. Ndinali ndi zikomo wa zaka zambiri, wa nkhuni, wa mpando uja wa masiku atatu, ndipo ndinayamba kumunena mosalongosoka. Iwo anakweza dzanja.

“Zimenezo ndawerenga, zili pa mutu wakhumi. A Laws anandiuzanso kuti munazinena pa wayilesi tsiku limene kuno kunalibe mabatire.” Anandiyang'ana m'maso, ine n'kufuna kulowa pansi. “Ndalandira. Koma ndili ndi funso limodzi, ndipo si la mphunzitsi.”

Anatsegulanso buku, cha pakati. Pa tsamba limenelo panalibe chofiira chilichonse.

“Mutu wachisanu ndi chinayi ukutha mayi uja akulowa m'chipatala ndi mwamuna wake. Mutu wakhumi ukuyamba ndi maliro. Pakatipa palibe kanthu.”

“Ndinalephera kulemba, adada. Ndinayesa kangapo.”

“Enya, ndinaona.” Anatseka buku n'kuika dzanja pamwamba pake. “Tsiku limene Overton anatisiya ine ndinali kuno, ndikudikira basi ya m'mawa mwake kuti ndidzamuone. Isabella anali ku maphunziro kunja. Amene munali naye ndinu nokha. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukuonani mukudutsa pabwalopa, inu amene mukudziwa, ine osatha kufunsa. Mwana wanga anavutika? Ananena chiyani?”

Foni inanjenjemera m'thumba la siketi yanga. Ndinadziwa kuti ndi Angela, akufuna kudziwa chifukwa chake sindinaike kanthu pa tsamba kuyambira Lachinayi. Ndinaitulutsa n'kuizimitsa. Nkhuku ndinaiika pansi, inadzikung'untha n'kupita kukatola zakudya pafupi ndi Tayiga. Ndinakokera mpando pafupi, chifukwa khutu lawo lakumanzere silimva bwino.

“Sanavutike kwambiri, adada. Ndipo za inu ananena. Koma ndiyambire m'mawa, kuti ndisadumphe kanthu. Linali Lachitatu. Atadzuka anapempha phala, ndinamupatsa, analawa kamodzi n'kudandaula kuti shuga ndaika ngati ndikumuumira.”

Mkulu uja anaseka pang'ono, misozi ikutsika m'makwinya a m'masaya mwawo, osaipukuta.

“Ameneyo ndi iyeyo,” anatero. “Pitirizani, mama, ndikumva.”